Mkombero ndi Pulasitiki: Mbiri ya Chimbale Choponyera Patali m'Masewera a Disc Golf

Masewera a disc golf, amene anakhwimira ku United States m'zaka za m'ma 1970 ndipo lero afala kwambiri ku Finland, Sweden, Estonia ndi Canada, amatsata dongosolo la gofu wodziwika uja, kungoti m'malo momenya mpira ndi ndodo wosewera amaponya chimbale cha pulasitiki ndi dzanja, ndipo m'malo mwa dzenje pamakhala dengu lachitsulo lokwezedwa pa mzati, lokhala ndi maunyolo olendewera amene amawakha chimbalecho n'kuchigwetsera m'kati. Amapambana ndi amene wazungulira bwalo lonse ataponya kochepa kuposa anzake. Wosewera wodziwa sayenda ndi chimbale chimodzi ayi, pakuti m'chikwama mwake mumakhala putter, chimbale chakuya ndi chabuntha choponyera pafupi ndi dengu, mumakhala midrange cha mtunda wapakati, ndiponso mumakhala driver, chimbale chopyapyala cha m'mphepete mosongoka chimene amayambira nacho pamene dengu lili kutali. Mbiri ya driver yayenda pa zinthu ziwiri, mkombero ndi pulasitiki, ndipo ngakhale kuti mkombero ndi umene watchuka chifukwa ndi umene unabweretsa mtunda, pulasitiki ndi amene amalamula ngati chimbale chidzauluke chaka chamawa monga momwe chikuulukira lero.

Zoyambirira za chimbale chouluka n'zodziwika ndipo sizifuna kutaya nazo nthawi. Walter Frederick Morrison anapanga chimbale cha pulasitiki mu 1948, kenako china chotchedwa Pluto Platter chimene anagulitsa kwa kampani ya zidole ya Wham-O ya ku California mu 1957, ndipo kampaniyo inachipatsa dzina lakuti Frisbee. Ed Headrick, yemwe ankagwira ntchito pa kampaniyo, anachikonzanso powonjezera timizere tozungulira pamwamba pake, nalandira chiphaso cha umwini wa lusolo mu 1967. Headrick yemweyo ndi amene anakhazikitsa bwalo loyamba lokhalitsa la disc golf ku Oak Grove Park, pafupi ndi Pasadena, mu 1975, nayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, lodziwika ndi chidule chakuti PDGA, mu 1976, ndipo chaka chotsatira analandira chiphaso cha dengu la maunyolo lija. Masewera anali atapeza bwalo, dengu ndi bungwe, koma chida choponyera chinali chidakali cha masewera ena.

Vuto linali lakuti Frisbee inapangidwira kuponyerana ndi kuwakha. Inali yotakata, yopepuka, ya mkombero wakuya ndi wabuntha kuti isapweteke dzanja la wowakha, ndipo inkayandama pang'onopang'ono m'mwamba kuti mnzako aithamangire. Zonsezi ndi zabwino kugombe la nyanja, koma pa bwalo la gofu, pamene palibe wowakha ndipo mphepo imatha kutembenuza chimbale chopepuka n'kuchitaya m'tchire, zinali zolepheretsa. Njira yoyamba imene osewera anaipeza inali kulemera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kunabwera zimbale zotchedwa Midnight Flyer, zimene pulasitiki wake anasakanizidwa ndi ufa wowala mumdima, ndipo ufawo unazilemeretsa kotero kuti osewera ankazikonda ngakhale masana chifukwa zinkalimbana ndi mphepo. Ena, monga Jan Sobel, anachepetsa kutakata kwa chimbale mpaka masentimita 21. Mpikisano wolemeretsawu unachititsa bungwe la PDGA kuika malire amene akugwirabe ntchito mpaka pano, akuti chimbale chisapitirire magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya kutakata kwake ndiponso chisapose magalamu 200, ndipo n'chifukwa chake driver wa masiku ano, amene kawirikawiri amatakata masentimita 21.1, amathera pa magalamu 175.

Kusintha kwenikweni kunachitika mu 1983, pamene Dave Dunipace, katswiri woponya patali wa ku California, anapanga chimbale chotchedwa Eagle, nayambitsa kampani ya Innova pamodzi ndi Harold Duvall, Charlie Duvall ndi Tim Selinske. Chimene Dunipace anachita chinali kusema mkombero. M'malo mwa khoma loongoka lotsikira pansi ngati la Frisbee, iye anapanga mkombero wolimba, wodzaza pulasitiki, umene ukadulidwa pakati umaoneka wa ngodya zitatu, kutsogolo kwake kuli kosongoka ndipo kunsi kwake kuli kopendekera m'kati. Zotsatira zake zinali ziwiri. Mphepete yosongokayo inkang'amba mpweya m'malo mowukankha, motero chimbale sichinkataya liwiro msanga, ndiponso kulemera kwakukulu kunasamukira kumphepete, zimene zinachititsa kuti chimbale chikangozunguzidwa chisunge kuzungulirako nthawi yaitali. Chiphaso cha umwini wa lusoli chinatuluka mu 1986, ndipo pafupifupi driver aliyense amene wapangidwa kuchokera nthawi imeneyo, kaya ndi kampani iti, ndi mdzukulu wa maganizo amenewa.

Kuti zimveke chifukwa chake mkombero uli ndi mphamvu chotere, m'pofunika kuona zimene zimachitikira chimbale chikachoka m'dzanja. Chimbale chouluka ndi phiko, popeza mpweya wochidutsa umachinyamula, koma ndi phiko lozungulira, ndipo chinthu chozungulira chili ndi khalidwe lomwe aliyense amene anamenyapo nguli amalidziwa: ukaikankha ili mkati mozungulira siigwera kumene waikankhirako, koma imapendamira cham'mbali. Mphamvu yonyamula ija siigwira pakati penipeni pa chimbale nthawi zonse. Chimbale chikamathamanga kwambiri chili chogona bwino, mphamvuyo imagwira cha kumbuyo pang'ono, ndipo chikanakhala chosazungulira chikanaweramitsa mphuno pansi, koma chifukwa cha kuzungulira, kuweramako kumasanduka kupendama, moti kwa munthu woponya ndi dzanja lamanja, kuseri kwa dzanja kuli kutsogolo, chimbalecho chimapendamira kumanja. Kukhota koyambaku osewera amakutcha turn. Liwiro likayamba kutha, chimbale chimayamba kutsika, mpweya umachimenya kuchokera kunsi, mphamvu yonyamula imasunthira kutsogolo, ndipo chimbale chimapendamira kumanzere mpaka kukagwa. Kukhota kotsirizaku amakutcha fade. Woponya ndi dzanja lamanzere, kapena woponya ndi lamanja chikhatho chili kutsogolo, amaona zomwezi koma motembenuza mbali. Akatswiri a za kayendedwe ka mpweya, monga Jonathan Potts ndi William Crowther a pa yunivesite ya Manchester, anayeza mphamvu zimenezi m'makina opemerera mphepo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma osewera anali atazidziwa kale ndi maso, ndipo anali atazipatsa kale mayina.

Chimbale chimene chimakana kukhotera kumanja n'kufulumira kugwera kumanzere amachitcha overstable, pamene chimene chimatembenuka mosavuta amachitcha understable. Palibe mwa ziwirizi chimene chili chabwino kuposa chinzake. Cha overstable ndi chodalirika pa mphepo yochokera kutsogolo, chifukwa mphepo yotero imawonjezera liwiro la mpweya wodutsa pa chimbale n'kuchichititsa kutembenuka ngati chaponyedwa mwamphamvu kwambiri, ndipo ndi chimene katswiri amatenga akafuna kutsimikiza kumene chikagwere. Cha understable chimapereka mtunda kwa munthu wa dzanja lofooka, ndiponso m'dzanja la katswiri chimalola kuponya kokongola kumene chimbale chimachoka chitapendamira kumanzere, n'kudzuka chokha, n'kuwongoka ulendo wonse pakati pa mitengo. Ngakhale kutalika kwa malo kuli ndi mbali yake, pakuti kumapiri monga ku Colorado, kumene mpweya ndi wopepuka, chimbale chomwecho chimauluka ngati cha overstable kuposa momwe chimachitira m'mphepete mwa nyanja.

Zaka makumi awiri ndi zisanu zotsatira luso la Dunipace zinali za mpikisano wokulitsa mkombero. Kampani ya Discraft, imene Jim Kenner ndi Gail McColl anaiyambitsa ku London m'chigawo cha Ontario isanasamukire ku Michigan, inatulutsa Cyclone mu 1993, chimbale chimene kwa zaka zingapo chinali muyeso wa kuponya patali, ndipo Scott Stokely anadutsa mamita 200 mu 1995 ndi chimbale cha kampani yomweyo, kenako nafika mamita 211 mu 1998 ndi china chotchedwa XL. Innova inayankha ndi TeeBird mu 1999, kenako Valkyrie, Wraith mu 2005, Destroyer mu 2007 ndi Boss mu 2008, ndipo mkombero unakula kuchoka pa masentimita 1.7 a TeeBird kufika pafupifupi masentimita 2.5 a Boss. Zimbale zimene dzulo zinali zothamanga kwambiri zinatsitsidwa udindo n'kuyamba kutchedwa fairway driver, ndiye kuti zoponyera mtunda wautali ndithu koma molunjika, pamene za mkombero waukulu zinatenga dzina lakuti distance driver. Bungwe la PDGA linatseka mpikisanowu poika malire akuti mkombero usapose masentimita 2.6 ndiponso mphepete isathwe kupitirira muyeso wina wake, ndipo linachita bwino, chifukwa mabwalo ambiri ali m'mapaki momwe mumadutsa anthu oyenda ndi ana, ndipo ambiri mwa mabwalowo anayalidwa pa nthawi imene kuponya mamita 100 kunali chinthu chonyadira.

Mtunda umenewu unabwera ndi mtengo wake. Mkombero waukulu umafuna liwiro lalikulu kuti chimbale chichite zimene anachipangira, ndipo munthu amene dzanja lake silifika pa liwirolo saona turn konse. Chimbale chimangochoka m'dzanja n'kugwera kumanzere msanga, nthawi zina pafupi kuposa pomwe midrange ikanafika. Chomvetsa chisoni n'chakuti oyamba kumene masewerawa ndi amene amakopeka kwambiri ndi zimbale zothamangazi, ndipo pofuna kuzikakamiza kuti ziwongoke amaphunzira kupotoza mkono m'njira imene pambuyo pake imavuta kusiya. Aphunzitsi ambiri a masewerawa amalangiza kuyamba ndi chimbale cha mkombero waung'ono monga Leopard, ndipo malangizowo ndi oona, ngakhale kuti sagwirizana ndi zofuna za wogulitsa.

Zimbale zitachuluka chonchi panafunika njira yozifotokozera kwa wogula amene sangaziponye asanalipire. Discraft inkagwiritsa ntchito nambala imodzi yosonyeza kukhazikika kwa chimbale, koma dongosolo limene linapambana ndi la manambala anayi la Innova, limene pafupifupi makampani onse analitengera. Nambala yoyamba, speed, imayambira pa 1 mpaka 14 ndipo kwenikweni imatsatira kukula kwa mkombero, kotero kuti imanena liwiro limene chimbale chikufuna osati limene chingapereke. Yachiwiri, glide, kuyambira 1 mpaka 7, imanena kutha kwake kuyandama. Yachitatu ndi turn, kuyambira +1 kutsika mpaka -5, ndipo yachinayi ndi fade, kuyambira 0 mpaka 5. Motero Destroyer yalembedwa 12, 5, -1, 3, TeeBird yalembedwa 7, 5, 0, 2, pamene Firebird, imene akatswiri amaidalira mphepo ikakula, yalembedwa 9, 3, 0, 4. Manambalawa sayezedwa ndi bungwe lililonse loima palokha. PDGA imayeza kutakata, kuya, kulemera, kuthwa ndi kupindika kwa chimbale isanachivomereze, koma siiyeza kauluke kake, ndipo manambala anayi aja ndi chigamulo cha kampani yopanga, kutengera momwe anthu ake anachionera chikuuluka. Amathandiza poyerekeza zimbale za kampani imodzi, amachepa mphamvu poyerekeza za makampani osiyana, ndipo chachikulu n'chakuti amaperekedwa kwa chikombole chopangiramo chimbale osati kwa chimbale chimene munthu wagwira m'manja.

Apa ndi pamene nkhani ya pulasitiki imalowera. Chimbale chimapangidwa posungunula timibulu ta pulasitiki n'kupopera phalalo mwamphamvu m'chikombole chachitsulo cha zigawo ziwiri, ndipo chikatuluka chimazizira n'kunyala pang'ono. Kunyalako sikufanana pa mitundu yonse ya pulasitiki, ndiponso kumasintha ndi kutentha kwa makina, nthawi imene chimbale chakhala m'chikombole, ngakhalenso utoto umene wathiridwa. Wosewera wozama akalowa m'sitolo amatenga zimbale ziwiri za dzina limodzi, n'kuziika pa tebulo moyandikana, n'kuwerama kuti maso ake alingane ndi mphepete, kufuna kuona kamzere kamene kamatsala pamene zigawo ziwiri za chikombole zinakumanirana. Kamzereko kakakhala pamwamba, chimbalecho chidzakhala cha overstable. Kakakhala pansi, chidzatembenuka msanga. Amadinanso pakati ndi chala chachikulu kuti amve ngati msana wake ndi wotumphuka kapena wafulati, pakuti msana wotumphuka kawirikawiri umawonjezera kuyandama. Kusiyana kwa timizereto kumakhala kosakwana milimita imodzi, koma pa mtunda wa mamita 120 kumatha kusiyanitsa kugwera pafupi ndi dengu ndi kugwera m'madzi.

Kwa zaka zambiri kunali pulasitiki wa mtundu umodzi wokha, amene Innova imamutcha DX ndipo Discraft inkamutcha Pro-D. Ndi wotsika mtengo, wosaonekera m'kati, wogwirika bwino ngakhale kukugwa mvula, koma wosachedwa kuphwanyika. Driver wa pulasitiki ameneyu akamenya mtengo pa liwiro lalikulu, mphepete yake imakumbika ndiponso imapindikira pansi, ndipo kupindika kulikonse kumachititsa chimbale kutembenuka mosavuta kuposa kale. Osewera a m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anasandutsa chofookachi kukhala luso. Ankanyamula zimbale zitatu kapena zinayi za chikombole chimodzi pa misinkhu yosiyana ya kutha: chatsopano choponyera pa mphepo, chapakati chowongoka, ndi chokalamba chokhotera kumanja kapena chogubuduza pansi. Chatsopano chikakalamba chinkatenga malo a chapakati, ndipo china chinkagulidwa. Ken Climo wa ku Florida, amene anakhala katswiri wa dziko lonse kakhumi ndi kawiri, kasanu ndi kanayi motsatizana kuyambira 1990 mpaka 1998, anapambana zambiri mwa zikhozo m'nyengo imene wosewera ankayenera kudziwa msinkhu wa chimbale chilichonse cha m'chikwama mwake. Ndiponso pamene Christian Sandström wa ku Sweden anaponya mamita 250 pa chigwa chouma cha El Mirage ku California mu 2002, mtunda umene unakhala zaka khumi osapitiriridwa, anagwiritsa ntchito Valkyrie ya pulasitiki wamba wa DX.

Komabe mkombero utayamba kukula ndi kuthwa, pulasitiki wofewayo sanathenso kupirira, chifukwa driver wothamanga ankatha kusintha khalidwe atangomenya mitengo ingapo. Kampani ya Millennium, imene John Houck wa ku Texas anali mmodzi wa oiyambitsa mu 1995, inali m'gulu la oyamba kugulitsa zimbale za pulasitiki wolimbirapo pa mtengo wokwera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunabwera pulasitiki wa banja la polyurethane, wonyezimira, woonekera m'kati, wotha kupindika n'kubwerera m'malo mwake, amene Innova inayamba kumugulitsa ndi dzina lakuti Champion Edition kenako Champion, ndipo Discraft inamutcha Elite Z. Chimbale cha pulasitiki ameneyu chimatha kusunga kauluke kake kwa zaka, koma chimaterera m'manja a thukuta kapena onyowa, chimauma gwa kukazizira, ndipo kawirikawiri chimatuluka m'chikombole chili cha overstable kuposa chinzake cha DX. Cha m'ma 2006 kunabwera Star ya Innova ndi ESP ya Discraft, pulasitiki wosakaniza amene anataya kulimba pang'ono kuti apeze kugwirika, ndipo mitundu iwiriyi, woonekera ndi wosaonekera, ndi imene makampani ena onse anaitsatira, monga Latitude 64 ya ku Skellefteå ku Sweden ndi pulasitiki wake wa Opto ndi Gold Line. Kudera lozizira ngati limenelo, kumene anthu amasewera ndi m'chipale chofewa chomwe, pulasitiki wofewa amene sauma ndi chisanu ndi wofunika kwenikweni, ndipo makampani angapo anapanga mitundu yapadera ya nyengo yotero.

Pulasitiki wolimba anasintha kachitidwe ka wosewera m'njira imene sikawirikawiri kutchulidwa. Popeza chimbale sichinkakalambanso msanga, kunali kovuta kupeza kauluke kosiyanasiyana kuchokera ku chikombole chimodzi, motero wosewera anayamba kugula zikombole zambiri, ndipo makampani anazichulukitsa mpaka kufika mazanamazana. Chidziwitso chimene kale chinali m'dzanja ndi m'mutu mwa mwini chimbale chinasamukira ku manambala osindikizidwa pamsana pake. Panabadwanso msika wa zimbale zakale, pamene gulu lina la zimbale zopangidwa nthawi imodzi, limene osewera amalitcha run, limatchuka kuti linatuluka bwino kuposa ena, ndipo zimbale za Champion Edition zoyambirira zija zimagulidwa lero pa mtengo woposa kangapo wa chimbale chatsopano. Msika umenewu ndi umboni wakuti osewera eni ake sakhulupirira kuti dzina limodzi ndi manambala amodzi zimatanthauza chimbale chimodzi.

Mkombero utafika pa malire a lamulo, opanga anatembenukira ku zimene zili m'kati mwa pulasitiki. Kampani ya MVP ya ku Michigan inayamba kupanga zimbale za zigawo ziwiri, pakati pa pulasitiki wopepuka ndi mkombero wa pulasitiki wolemera womatidwa kunja, pofuna kukankhira kulemera kumphepete kuposa momwe pulasitiki mmodzi angalolere. Innova inatenga njira ina ndi pulasitiki wa Blizzard, amene ali ndi timathovu ta mpweya m'kati mwa mkombero, kotero kuti driver wa mkombero waukulu, amene kale sankatheka kupangidwa wopepuka, anatsika mpaka pansi pa magalamu 140. Chimbale chopepuka chimachoka m'dzanja mothamanga kwambiri ndipo mphepo yochokera kumbuyo imachinyamula mosavuta, n'chifukwa chake David Wiggins Jr. anaponya mamita 255 mu 2012 ndi Boss ya Blizzard, ndipo Simon Lizotte wa ku Germany anafika mamita 263 mu 2014. Wiggins anabweranso mu March 2016 n'kuponya mamita 338 m'chipululu cha pafupi ndi Primm ku Nevada, ndi Boss yopepuka ya pulasitiki wa R-Pro, mphepo yamkuntho ili kumbuyo kwake. Mitunda yotereyi imanena zambiri za mphepo ya m'chipululu kuposa za masewera enieni, pakuti pa mipikisano ikuluikulu, pamene pali mitengo, madzi ndi malire a bwalo, akatswiri omwewo amaponya zimbale zolemera pafupi ndi magalamu 175, za pulasitiki wolimba, ndipo ambiri a iwo amasungabe m'chikwama Destroyer kapena chinzake cha kampani ina pa misinkhu itatu kapena inayi ya kutha, monga momwe ankachitira osewera a nthawi ya DX, kungoti tsopano chimbale chimatenga zaka kuti chifike pamene kale chinkafika m'miyezi yochepa.